Ukwati wa Agogo aNachisale

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene agogo anga aakazi, aNachisale, ananena kuti akukwatiwanso. Matipate anali atangoyamba kumene, ndipo tinkakhala m'mudzi wina kumunsi kwa Mua. Agogo aamuna anali atamwalira kalekale. Amene anawafunsira anali aZuze, mkulu wa imvi wokonza njinga pa Golomoti, nayenso wofedwa.

Amayi ndi amalume atamva anapsa mtima. Anati n'zochititsa manyazi, anthu atiseka mpaka kumsika. Ananditumiza kukakhala ndi agogowo kuti ndizikanena aZuze akabwera.

Ankabweradi, masana dzuwa likuswa mtengo, thukuta lili kamukamu, atamangirira kamulu ka usipa pakaliyala. Ankakhala pansi pa mango n'kumasenda chinangwa limodzi, uku akutsutsana za anthu amene anavina nawo ali achinyamata. Agogo ankaseka mpaka kutsokomola. Apa m'pamene ndinaona kuti mano awo akutsogolo anali atatha. Zaka zonsezo ndinali ndisanawaonepo akuseka. Amayi atandifunsa, ndinavomera kuti aZuze amabwera, koma ndinawauza kuti atume wina, ine sindidzanenanso.

Lamlungu lina amalume anasonkhanitsa abale pakhonde la agogo. Analankhula nthawi yaitali, akuti mayi wawo sasowa kanthu, bulangete ali nalo, shuga ndi mankhwala amawatumizira. Agogo anawasiya mpaka anamaliza.

"Bulangete lanulo sililankhula," anatero. "Mumabwera pa Khirisimasi, miyezi inayo ndimacheza ndi nkhuku. Ndinakulerani, mwakula. Sindikupempha chilolezo, ndikungokudziwitsani."

Ana awo onse anakana kupita ku ukwatiwo, ndipo amayi anandibweza kwathu n'kundiletsa kupondako. Tsikulo m'mawa ndinanyamula ndowa ngati ndikupita ku mjigo, ndinaisiya m'tchire n'kuthamangira ku tchalitchi. Munali anthu ochepa, ambiri a ndodo. Koma nthungululu za amayi okalamba aja zinamveka mpaka kumsewu. Potuluka ndine ndinawagwirira ambulera agogo, fungo la mafuta awo odzola likundilowa m'mphuno.

Nditabwerera, amayi anandikwapula ndi kanthambi ka bwemba mpaka miyendo inatupa. Anandiuza kuti ndipepese. Ndinalira, koma sindinapepese.

Awiriwo anakhala limodzi zaka zingapo mpaka aZuze anamwalira. Agogo ananenepa, anayambanso kupita kukwaya. Amayi anagonja pang'onopang'ono. Nthawi yokolola mpunga anangofika ndi chikwakwa kumunda kwa agogo, osatchula n'komwe za mkangano uja.

Lero nanenso imvi zayamba. Ndikamva anthu akunena kuti nkhalamba ikadya n'kufunda ndiye kuti zatha, ndimatsutsa poyera, kaya m'minibasi kaya pamaliro. Munthu sasiya kufuna mnzake chifukwa wakalamba. Ana anga ndawauziratu kuti adzandigulire mankhwala akafuna, koma asadzandisankhire wocheza naye.