Msana wa a Policarpo

Ku Lifidzi ukatchula a Policarpo, anthu ankayamba aseka kaye. Akazi awo, a Serafina, sankaseka nawo. Ankangotsonya.

A Policarpo anali Mngoni, mwana wa anthu a ng'ombe, koma zaka khumi ndi ziwiri anazithera posamalira kavalo wa mzungu. Mzunguyo anali Mpwitikizi wolima kachewere, moti dzina lake lenileni anthu analitaya n'kumangomuti Kachewere. Kavaloyo ndiye anali Jenerale. Chinyama chosakamidwa, chosadyedwa, chosakoka ngolo, ntchito kudya ndi kunyamula chimimba cha mwini wake. Koma a Policarpo ankachipesa m'mawa uliwonse ndi kuchifunditsa bulangete nyengo ya chisanu, mwana wawo Horácio akufunda chiguduli. A Serafina ankati akanadziwa akanangokwatiwa ndi kavaloyo, bwenzi akugona motentha.

Nkhondo itafika kumapiri kuno, msewu unasanduka woyenda mtima uli m'mwamba. Tsiku lina masana mu 1972, Kachewere ankachokera ku Vila Coutinho ali pa Jenerale, a Policarpo akuthamanga pambuyo ndi chikwama. Galimoto ya asilikali imene inali patsogolo pawo inaponda bomba lokwirira. Jenerale sanafunse munthu. Anaimirira ndi miyendo iwiri, kumutaya mbuye wake pamwala, n'kuliyatsa liwiro. A Serafina anamuona ndi maso awo akupondaponda nyemba zawo, chishalo chili kumimba, pamsana popanda munthu.

Dzuwa litapendeka anaonanso china: amuna awo akutsika chitunda atabereka mzungu wothyoka mwendo, chimunthu cholemera ngati matumba awiri a chimanga, chikulira mokuwa. Kuyambira tsikulo msana wa a Policarpo sunawongokenso. Chisanu chikayamba, a Serafina ndiwo ankauthowa ndi madzi otentha.

Apo n'kuti Horácio atakula, atafunsira Marcelina wa kutsidya kwa mtsinje. Kwawo kwa mtsikanayo, Angoni enieni, ananena poyera: ng'ombe zinayi za malowolo, apo ayi mwana sachoka pakhomo. A Serafina analibe nkhawa. Munthu wabereka mzungu mtunda wonsewo, ng'ombe zinayi n'chiyani?

M'malo mwa ng'ombe kunabwera buku. Kachewere, pogona ndi mwendo wakewo, analemba za nkhondo ndi kavalo wake, ndipo bukulo linasindikizidwa ku Beira, pachikuto pali Jenerale atakweza mutu. A Policarpo anapatsidwa limodzi. Iwo kuwerenga sankadziwa, choncho Lamlungu atabwerako ku tchalitchi anakhala pakhonde, Horácio, amene anaphunzira kumishoni ku Fonte Boa, n'kumamasulira.

"Apa akuti bomba litaphulika, Jenerale anaima nji," anatero Horácio. "Akuti anagwada pansi kuti mbuye wake akwere, n'kumunyamula mpaka kunyumba."

"Nanga abambo ako?" anafunsa a Serafina.

Horácio anatembenuza masamba mpaka kumapeto, n'kubwereranso.

"Mulibemo, amayi."

A Serafina anayang'ana amuna awo, kudikira kuti bukulo aliponye pamoto. Koma a Policarpo anali ndi misozi m'maso, misozi ya kukondwa.

"Tawerenganso pogwadapo," anatero. Atamva kachiwiri anagwedeza mutu. "Ndi momwemo. Nyama ija ili ndi mtima."

"Bambo a Horácio, msana ndimathowa uja ndi wa kavalo?"

"Inu simudziwa kanthu, mayi. Zolembedwa ndi makina sizinama."

Ndiye kupusa kwina kumachita kumera mizu. Kuyambira pamenepo a Policarpo ankayenda ndi bukulo m'thumba la jekete, atalikulunga m'kansalu. Pamowa paliponse ankafotokoza mmene Jenerale anagwadira, mpaka kugwada iwo eni kuonetsa anthu, kenako n'kulephera kudzuka chifukwa cha msana womwewo. Anthu amene anawaona tsiku lija atabereka mzungu ankawagulira chipanda kuti abwerezenso. A Serafina ankamva kuseka kwawo ali kumunda, manyazi n'kuwagwira mpaka kukhosi.

Mu 1974 Apwitikizi anayamba kumanga katundu. Kachewere anatumiza mawu kuti a Policarpo abwere adzasankhe chotsazikira: ng'ombe zinayi kapena Jenerale, chifukwa m'sitima simukwera kavalo. Mudzi wonse unamva. Horácio anadula mitengo, n'kumanga khola kuseri kwa nyumba masiku awiri okha. Kwa Marcelina anali atadikira dzinja kawiri, ndipo kunali kale mnyamata wina wa ngolo amene ankazungulirazungulira pakhomopo.

M'mawa wa tsikulo a Serafina anawaperekeza amuna awo mpaka panjira.

"Zinayi, bambo a Horácio. Mwamva? Za miyendo inayi, za nyanga."

"Ndamva, mayi."

Anabwerako masana, chingwe chili m'manja, kumapeto kwake kuli Jenerale, wokalamba, nthiti zikuwerengeka. A Policarpo ankayenda monyang'wa, msana uli khotekhote.

"Ng'ombe aliyense ali nazo," anatero. "Koma ya m'buku ndi iti?"

Horácio anayang'ana khola lake, kavalo akulowamo, n'kupita kukakhala kuseri kwa nkhokwe.

A Policarpo anafika pokoka kavaloyo mpaka kutsidya, buku lili m'manja, ati akalowolere. Bambo ake a Marcelina anamuzungulira Jenerale kamodzi, n'kufunsa mwaulemu kuti mkaka wake amakama nthawi yanji. Chimanga chisanache, Marcelina anakwera ngolo ya mnyamata uja. Horácio anatsazika amayi ake okha, n'kuwoloka malire kupita ku Dedza. Kalata sanalembe.

Mbendera yatsopano inakwera mu Juni 1975, chisanu chili pachimake. Anthu akuvina ku Vila, a Policarpo anali chigonere pamphasa, akubuula.

"Mayi a Horácio, msana."

A Serafina anatereka madzi monga mwa masiku onse. Atatentha anawathira m'beseni, natenga kansalu, n'kudutsa pamphasapo osaima.

"Mukupita nawo kuti?"

"Kukhola. Ndikukathowa amene ananyamula mzungu."

Anaima pakhomo, beseni likufuka nthunzi m'manja mwawo. Mtima unkawawawa, ndipo sankafuna zambiri. Akanangomva kuti "ndine", akanabwerera, mwina akanakhululuka ndi za ng'ombe zomwe. Anadikira mpaka manja anayamba kutopa.

A Policarpo anapapasa pansi pa mtsamiro pamene panali buku, n'kutembenukira kukhoma.

"Musamuthire otentha kwambiri," anatero. "Khungu lake ndi lofewa."