Ndege yodzaza ya msuweni wanga

Boma litasamutsa likulu kuchoka ku Zomba kubwera ku Lilongwe, ife makalaliki tinabwera pa malole pamodzi ndi makabati a mafayilo. Anandipatsa kanyumba ku Area 18, kopanda mtengo ngakhale umodzi, fumbi lofiira lokhalokha lolowa mpaka m'makutu. Anzanga ankalira Zomba ndi mapiri ake, koma ine kwathu ndi komkuno. Komanso m'tauni munali msuweni wanga, mwana wa amalume, amene tinakulira limodzi. Ankagulitsa matikiti a ndege pa ofesi ina ku Area 2, ku Old Town, pakati pa masitolo a amwenye.

Mlongo wanga wondipondera pamutu anakwatiwa ndi munthu wa ku Karonga amene ankagwira ntchito ku doko la Dar es Salaam, ndipo anapita naye komweko. Mwamunayo anamwalira, mlongo wanga n'kutsala ndi ana awiri aang'ono. Tsiku lina dalaivala wina wa lole, woyenda njira ya ku Dar, ananditsata kuntchito, n'kundiitanira kuseri kwa ofesi. Anati mlongo wanga wagona, chifuwa chamumaliza, ndipo akungotchula ine.

Kwathu mwini mbumba ndine. Mlongo akadwala, woyamba kufunsidwa ndine. Akamwalira, ana ake ndi anga. Panalibe chokambirana, ndinayenera kupita kukawatenga onse atatu.

Koma masiku amenewo dzina la Tanzania sunkalitchula mokweza. Kupita kumeneko kunkafuna chilolezo cha boma, ndipo wa m'boma ngati ine kungochipempha kokha kunali kudziitanira mafunso, poti ankati kumeneko n'kobisala oukira. Dalaivala uja anati, "Ine ndikubwerera kumpoto mawa. Kwerani, ndikakutsitsani ku Karonga. Kumeneko alipo anthu odziwa pooloka Songwe popanda wokuonani."

Ndinamuthokoza, n'kukana. Ndinati ndili ndi m'bale wogulitsa matikiti a ndege, ndivutikirenji ndi matope?

Kutacha ndinalowa mu ofesi ya ku Area 2 ija. Ine sindidziwa kunong'ona. Ndinangofika pa kauntala n'kunena kuti, "Asuweni, ndikufuna tikiti ya ku Dar."

Anandigwira mkono ngati wagwira wakuba, n'kundikokera pakhonde.

"Inu asuweni, mutu wanuwu ndi wongokongoletsa khosi? Mwasiyiranji kukalengeza pa msika?"

"Mlongo wanga akufa."

"Mlongo wanu? Ameneyo ndi mkazi wanga, inu mwangondisungira," anatero, monga timanenera pachisuweni. Kenaka anatsitsa mawu. Anati ochenjera sagula tikiti ya ku Dar. Umapempha chilolezo cha ku Nairobi, chimene sichinkavuta. Umakwera ndege ku Chileka, ndipo tikiti yachiwiri yochoka ku Nairobi kupita ku Dar amakulembera padera, iwe n'kuibisa mu sokosi. "Kuntchito mukanene kuti mukukaonetsa maso kwa dokotala. Zina zonse siyirani ine. Ndingalole mkazi wanga afere kwa eni?"

Ndinaseka, ine wopusa. Chilolezo cha ku Nairobi chinatuluka, tchuthi anandipatsa. Kunyumba, mayi a ana anga anagula mapeyala awiri a nsapato za ana a mlongo wangayo mongoyerekeza mapazi, n'kukazinga mtedza wa kumudzi woti ndikampatse wodwala. Sutikesi inakhala pafupi ndi chitseko.

Sabata yoyamba msuweni wanga anati, "Yadzaza, asuweni. Azungu omanga mzindawa akupita kutchuthi ndi akazi awo." Ndinakhulupirira, poti azungu analidi mbwee ku City Centre, akuloza uku ndi uku ndi mapulani m'manja. Sabata inayo anati amwenye akupita ku ukwati, atenga mipando yonse. Inayo anati nthumwi za boma. Ndikayamba kukweza mawu ankandigulira tiyi ndi mabanzi pa kantini ya pafupi, akundisisita phewa.

"Mtima pansi, asuweni. Mkwiyo wanuwo ukanakhala mafuta, bwenzi titaulutsa ndege yathuyathu."

Tchuthi chinatha, ndinabwerera kuntchito. Abwana ankandifunsa za maso, ine n'kumatsinzina dala. Mtedza uja unayamba kununkha chiwisi cha m'sutikesi, ana anga anaudya.

Kenaka dalaivala uja anabweranso. Sanandiitanire kuseri, anangovula chipewa pakhomo. Anati mlongo wanga anamuika anthu a tchalitchi chake. Ana anatengedwa ndi mayi wina woyandikana naye nyumba, amene anasamuka nawo, ndipo palibe ankadziwa kuti analowera kuti.

"Tinakudikirani, bambo," anatero. "Ulendo uja ndinafika ali moyo, akulankhula bwinobwino. Mukanakwera mukanamupeza."

Ndinapita ku Area 2 kuti ndikamuuze msuweni wanga za maliro, tilire limodzi. Pa mpando wake ndinapeza mayi wina wachilendo. Anati bamboyo akwezedwa, tsopano ndi mkulu wa ofesi yatsopano ku City Centre, ndipo kampani yawapatsa nyumba ku Area 43. Ndinati chabwino, fafanizani dzina langa pa odikira ndege ya ku Nairobi.

"Odikira?" anandiyang'ana. "Ya ku Nairobi sadikira, bambo. Mukafuna ya sabata ino ndikulemberani pompano."

"Si yodzaza?"

Anaseka. "Kudzaza ndi ndani? Miyezi yonseyi imanyamuka mipando yambiri ili yokhayokha."

Sindikumbuka mmene ndinatulukira. Ndikukumbuka kuti ndinagunda thebulo la munthu wogulitsa zipewa pakhonde, ndipo sindinapepese.

Loweruka m'mawa ndinapita ku Area 43. Kumeneko basi siinkafika, eni ake amayenda pa galimoto. Ndinayenda pansi pakati pa alonda, anyamata a m'maluwa ndi amayi ochapa ochokera m'midzi, onse akupita kukatumikira. Mlonda wa pa geti, bambo wachikulire, anati abwana sanadzuke. Ndinamuuza kuti akauze abwanawo kuti mlamu wawo wabwera, akapanda kutuluka ndilowa ndekha.

Msuweni wanga anatuluka atavala patapata, kapu ya tiyi m'manja. Kumbuyo kwake paipi inkathirira kapinga wongobzala kumene.

"Asuweni! Mwabwera kudzaona nyumba?"

"Mkazi wanu uja wamwalira," ndinatero. "Ndege inali ndi malo."

Anaika kapu pa chipilala cha geti. Sanakane ngakhale pang'ono, ndipo chimenecho chinandipweteka koposa.

"Ndinakupulumutsani," anati. "Tikiti iliyonse ndimasainira ine. Masiku amenewo n'kuti akundifufuza za udindowu. Inu ndi kamwa lanulo mukanagwidwa pa Chileka pomwepo, n'kutipachika tonse."

"Ndiye simukanangonena? Mukanati asuweni, sindingathe, ndikuopa. Mantha si mlandu. Ndikanakwera lole!"

"Ndi chimene sindinkafuna," anayankha motsitsa, akuyang'ana mlonda uja ngati akumva. "Ndikanakuuzani zoona mukanathamangira ku Songwe. Akanakugwirani kumeneko, funso loyamba likanakhala lakuti abale ako ndani, amagwira ntchito kuti."

Apo ndi pamene ndinamvetsa. Tikiti sanangondimana. Ankandisunga dala ndi tiyi ndi mabanzi, sabata ndi sabata, kuti ndisayende njira ina iliyonse, mpaka mlongo wanga afe, nkhani ithe. Ndinamugwira pa kolala. Mlonda uja analowa pakati akuti, "Pepani bwana, pepani, Mulungu akuona." Sindikudziwa ankapepesa ndani. Ndinamusiya, n'kumenya kapu ija ndi dzanja, ndipo inakasweka pa simenti yake yatsopano. Ndi chokhacho ndinaphwanya.

Kumudzi tinakhala maliro opanda mtembo. Msuweni wanga anabwera pa galimoto ya kampani, n'kukhala kutsogolo akulira mokweza kuti, "Mkazi wanga ine, mkazi wanga!" Anthu ankamugwira kumutonthoza. Pa nthawi ya mawu, amalume, bambo ake omubereka, anatembenukira kwa ine.

"Inu eni mbumba, tiuzeni. Mlongo wanu wagona kutali, tamva. Nanga ana ali kuti? Munalephera bwanji kupita?"

Pamenepo panali anthu a chipani, panali aphunzitsi, panali amene sindinkawadziwa. Kuti ndinene zoona ndinayenera kuulula pagulu kuti ndinanamiza boma za maso, ndipo ndinkafuna kuzembera ku Dar. Msuweni wanga ankadziwa zimenezo. Ndisanatsegule pakamwa anaimirira, akupukuta misozi ndi mpango.

"Asuweni anayesetsa, abale anga, ine ndi mboni. Chilolezo chinachedwa, ndipo ndege inkadzaza."

Anthu anang'ung'udza momvera chisoni. Amalume anandiyang'ana kuti nditsimikize. Ine amene ndinkatukwana abwana pa nkhani ya pensulo, ndinagwedeza mutu movomereza.

Patapita zaka, za ndale zitafewa, ndinapita ku Dar pa basi. Manda sindinawapeze, tchalitchi chinali ndi anthu ena. Ndinayenda m'makomo ndi Chiswahili changa chothyokathyoka kufunsa za ana awiri a Chimalawi, koma anthu ankangopukusa mitu. Nsapato zija mkazi wanga anazisunga mpaka zinauma n'kung'aluka zokha, ndipo sitinadziwe ngati zikanawakwana.