Mayi Namaona ndi Atsikana a Lachitatu

Mayi Ellah Namaona anayamba kuphunzitsa fizikisi pa sekondale ina yoyendera ku Chinamwali asanakwatiwe, ndipo lero ali ndi imvi. Ndi mayi wamfupi, wolankhula mothamanga, m'manja mwawo simutha choko. Ali mtsikana ankafuna kukhala injiniya wa magetsi, koma mayeso a Fomu 4 anawakankhira ku uphunzitsi.

Pasukulupo palibe labu. Mabatire, timababu ndi mawaya amachita kubwera nazo m'jumbo kuchokera kwawo ku Chikamveka. Ataona kuti atsikana amangounjikana kumbuyo kwa kalasi n'kumati sayansi ndi ya anyamata, anayambitsa kalabu ya atsikana okhaokha, yokumana Lachitatu akaweruka.

M'kalabumo munali Bushra, mtsikana wofatsa wa Fomu 2. Tsiku lina Mayi Namaona anakwera phiri wapansi ndi atsikana a m'kalabumo kukaona damu la Mulunguzi. Anzake ankangojambulana pa foni ya aphunzitsi uku akunjenjemera ndi chisanu. Bushra anaima payekha, maso ali pamadzi.

"Madamu," anatero, "madzi onsewa amatsika okha mpaka m'tauni. Bwanji osawapatsa ntchito panjira, azizunguza chinthu chopanga magetsi?"

Mayi Namaona anatsika phirilo osamva kuwawa kwa mawondo. Kunyumba anauza amuna awo kuti uyu yekha akafika kumene iwo analephera.

Bushra ali Fomu 3, bambo ake, a Idrissa, omwe ankapalasa kabaza, anawombedwa ndi lole pa msewu wa ku Liwonde. Moyo unatsala, koma miyendo inafa. Bushra anasiya kuoneka kusukulu.

Mayi Namaona anapita kwawo kwa Bushra atakonzeka kukangana ndi makolo, monga ankachitira ndi ena ofuna kukwatitsa ana. Anapeza a Idrissa atagona pamphasa pakhonde.

"Aphunzitsi, musavutike kundiuza ubwino wa sukulu," anatero bamboyo. "Mwana ameneyu ndinkamusiya ndekha pageti panu ndisanayambe kunyamula anthu. Koma taonani mmene ndililimu. Mayi ake akapanda kupita kumsika, sitidya. Akapita, anditembenuze ndani?"

Mayi Namaona anatsanzika n'kubwerera.

Sanangokhala. Anapita ku bungwe lina lothandiza atsikana, komwe anawauza kuti iwo amapereka fizi ndi yunifolomu basi. Anayamba kumakamuphunzitsa Loweruka pakhonde lomwelo, koma Bushra ankawodzera cholembera chili m'manja, kenako bambo ake amaitana. Anapempha kuti mwanayo azikakhala kwawo ku Chikamveka. Mayi ake a Bushra anathokoza mogwada, n'kufunsa kuti nanga pakhomopo atsale ndani.

Nyengo ya mvula geni ya tomato ya mayiwo inagwa. Achibale anagwirizana kuti mayiwo azikhala ndi wodwala, Bushra apite ku Limbe kukagwira ntchito ya m'nyumba. Bushra anabwera kusukulu kudzatsanzika atavala chitenje.

"Madamu, ndikakhazikika ndidzalembabe mayeso."

"Udzalemba, mwanawe," anayankha. Anafuna kumupatsa kanthu, koma m'chikwama munali choko ndi dasitala.

Sabata yotsatira kunabwera alendo ochokera ku Lilongwe ndi zimkuzamawu ndi matisheti, kudzalimbikitsa atsikana kukonda sayansi. Ahedi anapempha Mayi Namaona kuti alankhule. Anaimirira pabwalo n'kuuza atsikanawo kuti palibe chimene chingawaletse kukhala madokotala ndi mainjiniya ngati atalimbikira. Ana anawomba m'manja, alendo anajambula zithunzi.

Atatha anakalowa mu sitafu n'kukhala pansi. Mphunzitsi mnzawo, a Winston, anawayamikira kuti alankhula bwino.

"Ndalankhula," anatero Mayi Namaona.

Belu linalira. Anatenga choko n'kupita ku Fomu 1.