Kamunthu ka amalume pakhomo la phanga

Chaka chatha ndinayanika kaseti ya gemu padzuwa, pamphasa imodzi ndi mapira. Ndinali nditawerenga pafoni kuti ku Japan magemu akale amawasunga ngati chuma, ndipo mdani wake wamkulu ndi chinyezi. Ine, namatetule wodziphunzitsa ndekha, sindinawerenge mpaka kumapeto. Dzuwa la ku Nsanje linaipinda kasetiyo ngati chikopa cha mbuzi.

Amene anabwera nayo, ine ndili mwana, ndi amalume pochokera ku Joni, pamodzi ndi kamakina kotuwa kolumikiza ku TV. Tinkakhala kwa Ndamera, ine ndi mayi basi. Magetsi kunalibe, tinkayatsira batire ya galimoto. Mawu onse m'gemumo anali a Chijapani. Amalume sankatha kuwerenga, koma anasankha zilembo zowakomera m'maso, china chonga mbedza, china chonga khasu, n'kunena kuti dzina lawo ndi limenelo. Kamunthu kawo ka m'gemumo anakayendetsa m'nkhalango ndi m'mapiri mpaka pakhomo la phanga lina. Pamenepo anasunga ulendowo.

“Usalowe wekha, tidzalowa ndikabwera,” anatero. M'mawa mwake anawoloka Shire kukagula nsomba ku Mozambique.

Dzinja lonselo sanabwere. Madzi anasefukira, anzanga ambiri anasamukira kumtunda, m'makalasi mwathu munadzaza anthu othawa madzi. Ndimakumbukirabe thukuta la m'nyumba muja, udzudzu m'makutu, fungo la matope, ndi kanyimbo ka gemu kolira ngati nkhululu.

Kasetiyo inali ndi malo amodzi okha osungira ulendo. Ndikanasunga wanga, wa amalume ukanafufutika. Choncho tsiku lililonse ndinkayambira poyamba, n'kukafera pamlatho womwewo. M'chigwa monsemu palibe mwana amene anagwa pamlatho umodzi kambirimbiri ngati ine, ndipo mpaka lero sindinapatsidwe mendulo. Ndikatopa ndinkatsegula ulendo wa amalume, n'kungokayang'ana kamunthu kaja kataima pakhomo, kakupondaponda pamalo amodzi. Kenako n'kuzimitsa.

Chinkandidabwitsa n'chakuti batire inkatha msanga. Mayi, amene sankalola ngakhale kamtengo ka machesi kuyaka pachabe, ankangoisenza kukatchajitsa osadandaula. Za amalume sankakamba. Ndikafunsa ankati ndidikire madzi aphwe.

Madzi anaphwa. Zaka zinapita, kenako mayi nawonso anapita.

Kaseti yopindika ija ndinapita nayo kwa wokonza mafoni pa boma. Anaitsegula n'kundionetsa kabatire konga kobiri, kochita dzimbiri. Anati kameneko ndiko kankagwira ulendo wa amalume, ndipo kanafa kalekale, dzuwa ndisalinamizire. Gemu yomweyo akanatha kundiikira pafoni, koma ya pafoniyo ilibe mbedza ndi khasu.

Nditapita kumudzi ndinafotokozera mayi a nyumba yoyandikana nafe, mnzawo wa malemu mayi anga, uku ndikudziseka. Iwo sanaseke. Anaika lichero pansi n'kundiyang'ana.

“Iwe unkayesa batire ya galimoto ija unkaimaliza wekha? Amayi ako ankakutuma dala kumjigo wakutali uja. Podina pa kamakina kaja anaphunzirira kumbuyo kwako. Ukangotuluka ankandiitana, tikhale pansi tonse awiri, timuone mlongo wawo ataima pakhomo paja.”