Ndinawauza Theka la Zimene Dokotala Ananena

Ndinanamiza amuna anga pa nkhani ya matenda awo, ndipo ndinkati ndikuwateteza. Inu owerenga, ndatopa nako kusunga zimenezi mumtima, choncho ndiloleni ndinene.

Timakhala ku Chawama, mu Lusaka. Ine ndimagulitsa salaula, zovala zija zovalidwa kale, iwo anali owotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo. Tonse timawaitana kuti bashi Chanda, potengera mwana wathu woyamba. Atayamba kuvutika pokodza, kuchipatala anawapeza ndi khansa ya pulositeti, kachiwalo ka abambo kamene kali pansi pa chikhodzodzo. Chanda amagwira ntchito ku Joni, ndiye anatiitana kuti bambo ake akaunikidwe ndi makina a kumeneko. Amakubaya mankhwala amene amakakamira pa khansa ya mtunduwu, ndipo pachithunzi pamene pali khansa pamawala.

Tsiku la zotsatira Chanda anali kuntchito. Amuna anga Chingerezi chothamanga sachimva, womasulira ndinali ine. Pachithunzi panawala pawiri: pa pulositeti, ndi kadontho pa impso yakumanzere. Dokotala anati tikafika ku Lusaka kadonthoko akakaone bwino, mwina atengepo kachidutswa ndi singano kuti akapime. Analemba ndi kalata yomwe.

Mutu wanga unaima pa mawu akuti singano. Kumsika kwathu aliyense amanena kuti khansa ikakhudzidwa ndi chitsulo imakwiya n'kuthamanga thupi lonse. Mkulu wanga anamwalira atangochitidwa opaleshoni ya bere, ndiye ndani akanandiuza zina? Ndinati basi, yafalikira kale, kuwabaya n'kuwafupikitsira masiku. Amuna anga atandifunsa zimene dokotala wanena, ndinayankha kuti, “Bakamba ati ni pamodzi chabe, muzapola.” Anamwetulira. Kalata ndi chithunzi ndinaziika pansi pa zitenje m'sutikesi, ndipo madokotala a kuno ndinawauza kuti mapepala anatsala ku Joni.

Anayamba kulandira jakisoni, magazi n'kumaonetsa kuti khansa ya pulositeti ikugonja. Tinakapereka umboni kutchalitchi, ine patsogolo, kuimba mokweza kuposa onse. Ndinkadziona ngati mkazi wanzeru.

Patatha chaka ndi miyezi, munthu anayamba kuonda. Thalauza ankamanga ndi waya wa kuntchito, m'nthiti mukuwawa, kenako mkodzo unabwera ndi magazi. Dokotala wina wachizimayi anadabwa kuti magazi akuoneka bwino koma wodwala akutha. Anafunsa ngati anaunikidwapo kwina. M'mawa mwake ndinabwera nayo kalata ya ku Joni ija.

Anaiwerenga, n'kuona tsiku limene inalembedwa, n'kundiyang'ana. Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Anafotokoza m'Chinyanja, amuna anga akumva, kuti mankhwala ounikira aja sakakamira pa khansa ya pulositeti yokha. Amatha kuwalanso pa zotupa zina, ngati za impso, n'chifukwa chake amapima kaye asanagamule. Atapima anapeza kuti inali khansa ina, yakeyake, yoyambira mu impso momwemo. Nthawi imene ija inali yaing'ono. Akanangochotsa impsoyo, munthu amakhala ndi imodzi. Tsopano inali itafika m'mapapo.

Tinabwerera pa minibasi. Titatsika, amuna anga anati kwa ine, “Bana Chanda, impso inali yanga. Sembe munanifunsa.” Sanabwerezenso nkhaniyo mpaka lero.

Inu owerenga, kuwala kwa pachithunzi musamakumasulire nokha, ngakhale mutadziwa Chingerezi chotani. Pamene pawala sikuti nthawi zonse ndi matenda omwe aja afalikira. Dokotala akati tipime, pitani mukapimitse, ndipo mantha anuwo muwanene pamaso pake, osati kwa anzanu a pamsika. Inu amayi anzanga amene mumaperekeza odwala, nenani mawu onse monga mwawamvera. Wodwala ndi munthu wamkulu, asankhe yekha.

Bashi Chanda akadali moyo, koma mageti anasiya. Ndimawasambitsa, ndimawaphikira, ndimawagwira mkono tikamadumpha matope popita kokwerera minibasi. Tikafika pakhomo la dokotala amandipatsa chipewa chawo kuti ndiwasungire, n'kupempha nesi kuti alowe nawo akawamasulire. Ine ndimatsala pabenchi panja.