Ayezi wa a Reino pa Loweruka la Agwape

Ndandanda wa masewera a nyengo yonse unkafika mu Juni, bwalo la m'nyumba losewerera hoke ya pa ayezi la koleji ya Kettle Bay lili konkire yokhayokha. Mphunzitsi wa timu, a Dufault, ankaumata pa chitseko cha chipinda cha makina, ndipo woyamba kuuwerenga ankakhala a Reino Hautala. Zoti timu ikumana ndi yani sankazilabadira. Chala chawo chinkatsetsereka mpaka pa mzere umodzi wokha, wa Loweruka loyamba la Novembala.

A Reino ndiwo ankapanga ayezi. Kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi, Seputembala aliyense ankawaza madzi pa konkire ija, imene makina ankaiziziritsa, pang'onopang'ono, kudikira aundane, kuwazanso, masiku anayi osapupuluma. Zikatero nyengo yonse ankayendetsa galimoto yopala ndi kusalaza bwalo. Anali amfupi, a mapewa otambalala, a mawu owerengeka. Osewera ankabwera n'kupita pakatha zaka zinayi, aphunzitsi asanu anasinthana, iwo ali pomwepo. Akagogoda ayezi ndi chidendene ankadziwa ngati wakhwima.

Pa Loweruka limenelo timu inkasewera koyenda chaka ndi chaka. Panalibe lamulo lolembedwa. Ndi tsiku limene boma limatsegula nyengo yosaka agwape, ndipo tauni yonse imakhuthukira kunkhalango: a m'migodi, ometa tsitsi, abusa, ngakhale amayi a ku positi. Olemba ndandanda akale ankazidziwa zimenezi. Timu ikangokwera basi, a Reino ankakhoma bwalo n'kulowera ku msasa wa akulu awo, a Arne.

Koma chaka chimenecho ku likulu la ligi kunabwera munthu watsopano wokulira mumzinda. Mzere uja unati masewera ndi a pakhomo, seveni koloko madzulo, ndipo alendo ake ndi timu ya zobiriwira ya kummwera, adani a kalekale. Masabata anayi a m'mbuyo mwake onse anali a koyenda. A Dufault anaimba lamya kangapo konse, koma anawayankha kuti zasindikizidwa kale.

Okutobala anali wowawa. Anyamata ankanyamuka Lachinayi, n'kubwera Lamulungu maso ali gwa, mabuku a sukulu atawawerengera pa mawondo m'basi. Pa masewera asanu ndi atatu anagonja asanu. Pokonzekera m'kati mwa sabata panalibenso woseka. A Reino ankangomva kukwecha kwa nsapato pa ayezi.

"Anawa chiyambire nyengo sanamvepo munthu akuwachemerera," anatero a Dufault tsiku lina, atatsamira mpanda. "Ongobwera kumenewa akuganiza kuti tauni ino mulibe anthu."

A Reino anapita pa zenera la matikiti, pamene pankagulitsa a Darlene, akazi awo a a Arne.

"Alamu, bwerani mudzaone maliro," anatero a Darlene, akuwatembenuzira pepala la mipando. "Obiriwira abwera ndi mabasi asanu ndi limodzi. Athu ndi madala a kunyumba ya okalamba, ndi ana a koleji amene alibe mfuti."

"Nanga achimwene?"

"Amuna anga aja? Mwezi wonse akusisita mfuti ngati khanda. Ine chikwatirane sanandisisitepo choncho."

A Reino anayang'ana pepala lija nthawi yaitali. Anyamata akanabwera kwawo patatha mwezi wathunthu, n'kupeza bwalo lawo likuimba nyimbo za alendo.

Lamulungu anapita kwa a Arne, n'kuwapeza akulongedza katundu mu pikapu.

"Wati subwera ku msasa?" anafunsa a Arne. "Zaka makumi anayi sunajombepo. Bambo akukumva kumanda uko."

"Ayezi sadzisalaza yekha, achimwene."

"Ndiye ukufuna nafenso tisiye agwape, tidzaonerere ana a eni akugwa chagada?"

"Dzuwa limalowa isanakwane faifi. Mfuti zimaleka pomwepo. Masewera ndi seveni."

"Nanga nyama, iwe? Kutentha kumeneku sukukumva? Gwape akhale pa galimoto maola atatu, ukadya ndiwe?"

Apa a Arne sananame. Zaka zonse mlenje akapha gwape amangotumbula n'kupachika pa mtanda ku msasa, chisanu n'kumusungira. Koma Novembala ameneyo analowa ndi dzuwa ngati la Seputembala. Chipale chofewa chinali chisanagwe, ntchentche zinali zikuulukabe, ndipo pomwera khofi paliponse nkhani inali ya nyama kuwola. Wopha wake akanayenera kuthamangira kunyumba kukasenda ndi kuduladula madzulo omwewo.

A Reino anasiya khofi wawo wosamaliza, n'kuvala chipewa.

Galimoto yawo ikapala bwalo inkatuluka ndi mulu wa zopalidwa zoyera, zofewa ngati ufa, ndipo zaka zonse ankazikhuthula panja kuti zisungunuke. Kuyambira Lolemba anasiya kutaya. Kuseri kwa bwalo, mbali yosafika dzuwa, kunali shedi yakale yosungiramo mabenchi othyoka. Anatulutsa mabenchiwo, n'kuyamba kukhuthulira m'menemo, kufunditsa utuchi ndi masaka. Ankapala mozamirapo, kuthira madzi, kudikira, kupalanso, ngakhale bwalo lisanapondedwe ndi munthu.

"Mdala, mukufuna mutifikitse pa konkire?" anafunsa a Dufault Lachitatu.

"Ayezi ndisiyireni. Inu onani za goloboyi wanu."

Lachinayi anakhomera mitanda isanu m'denga la shedi, n'kumangirira zingwe. Kenaka analemba mapepala atatu ndi dzanja lawo. Lina anakamata pomwetsera mafuta, lina pa sitolo yogulitsa zipolopolo, lina pa zenera la a Darlene. Anati: Ayezi waulere wa nyama, kuseri kwa bwalo, Loweruka kuyambira faifi. Mfuti siyani ku msasa.

"Alamu, mwaiwala kulembapo za masewera," anatero a Darlene.

"Sindinaiwale."

Loweruka kunacha kotentha. Mfuti zinkamveka chapatali kuyambira m'mawa, ndipo a Reino ankaima pang'ono kumvetsera, n'kupitiriza ntchito. Mabasi a alendo anafika faifi koloko, mbendera zobiriwira zili petupetu m'mazenera, nyimbo ili pakamwa. Kuseri kwa bwalo kunalibe ngakhale galimoto imodzi. A Reino anakhala pa khomo la shedi, fosholo ili pa mawondo. Panadutsa theka la ola. Madzi anayamba kuchucha pansi pa utuchi n'kuyenderera pafupi ndi nsapato zawo.

Pikapu yoyamba inali ya a Arne, itanyamula tonde wa gwape wa nyanga za nthambi zisanu ndi zitatu.

"Usaganize kuti ndabwerera iweyo," anatero a Arne akutsika. "Ndabwerera ayezi."

"Gwirani miyendo yakumbuyo, achimwene."

Asanamalize kupachika, nyali za magalimoto ena zinaonekera pa msewu wa kumpoto, kenaka mzere unafika mpaka pa tchalitchi. A Reino ankalonga ayezi m'mimba mwa gwape aliyense, kutsindira ndi chibakera, kumanga, n'kupachika kapepala ka dzina la mwini pa khutu. Amene sanaphe kanthu nawonso anabwera, kudzaona za anzawo ndi kudzanamizira mphepo.

"Akaka munakapha kapena kanafa ndi mantha?" wina anafunsa ometa tsitsi, amene gwape wawo anali wochepa ngati galu.

"Inu mwabwera ndi chiyani, akulu? Chimfine?"

A Arne anapukuta manja pa thalauza. "Chabwino. Titenge nthawi yanji?"

"Kuti nyama izizire mpaka pa fupa, maola atatu," anatero a Reino.

"Maola atatu." A Arne anawayang'ana ang'ono awo, kenaka anayang'ana khoma la bwalo, m'mene munkamveka ng'oma ya alendo. "Ndiwe tambwali, Reino. Amayi ankanena."

"Khomo la m'mbali ndi ilo. Alamu akudikira."

Analowa monga analili, osasamba, majasi a kosaka a mtundu wa lalanje ali m'thupi, ena magazi ali m'mikono. Anadzaza mbali ya kumpoto, n'kusefukira kum'mawa, otsala n'kuima m'makwerero. Mayi wina wa zobiriwira anatseka mphuno ndi mpango.

"Ndi fungo la kwathu, mayi," anatero bambo wina wa kumgodi. "Silipha."

Anyamata atatuluka m'chipinda chawo, woyamba anaima pa khomo mpaka mnzake anamugunda kumsana. Bwalo lonse linali lalanje kupatula ngodya imodzi. Kenaka nsapato za kunkhalango zinayamba kuponda matabwa pamodzi, ndipo ng'oma ya alendo sinamvekenso. A Dufault anatembenuka kufunafuna a Reino ndi maso, koma iwo anali atawerama, akumanga paipi ya madzi.

Chigawo chachiwiri mwa zitatu chinatha zigoli zili ziwiri kwa ziwiri. Mpweya wa anthu ochuluka chonchi unafewetsa ayezi, ndipo a Reino anayenera kuchepetsa madzi ndi kuyendetsa galimoto mwachifatse. Atatulukira pa bwalo, alenje anaimirira n'kuyamba kuitana dzina lawo, amayi a ku positi akutsogolera. Iwo sanakweze mutu. Anazungulira m'mphepete, n'kudutsa pakati, mzere uliwonse ukupsompsona unzake, osasiya ngakhale kachidutswa kouma. Makutu okha ndiwo anafiira.

Chigawo chomaliza sanachionere. Anakumbukira kuti gwape wa ometa tsitsi anamupachika pafupi ndi khomo, pamene pankalowa mpweya wofunda, ndiye anabwerera ku shedi kukamusuntha. Agwape makumi anayi ndi mphambu anali lendelende m'mizere, madzi akudontha pa utuchi. Ali m'kati momanga chingwe, khoma linanjenjemera. Phokoso lake silinali la mabasi asanu ndi limodzi, linali la alenje okondwerera chigoli. Linakwera, n'kukhala pamwamba pomwepo osatsika.

A Reino anamaliza mfundo yawo, anagadabuza chidebe, n'kukhalapo kumvetsera.