Mbiri ya Achimwene Anga Inalembedwa ndi Foni

Achimwene anga a Lameki Mphepo anali munthu wovuta, ndipo ndikunena ndine mlongo wawo. Ankamanga zigafa za fodya kuyambira ku Chamama mpaka ku Mtunthama. Ukawabweretsera mitengo yokhota ankaiponyera kutali, n'kukuzazira akazi ako akumva. Kutchalitchi ankaimba mokweza kuposa kwaya yonse, mawu awo ngati a bulu, koma wowaletsa panalibe. Komabe chaka chimene amuna anga anandithawa, ndi iwowo anandilimira munda wonse, uku akundikalipira mzere uliwonse.

Atamwalira, ntchito yowerenga mbiri ya malemu tinampatsa mwana wawo Benjamin, mphunzitsi wa ku Boma. Kwathu mbiri timaitolera pamodzi. Mumakhala pansi ndi anamfedwa, uyu akukumbutsa izi, uyo izo, misozi ndi kuseka zikusakanikirana. Iye sanakhale pansi ndi aliyense. Anakadzitsekera m'galimoto, n'kuuza makina anzeru a m'foni aja, amene amalemba chilichonse ukawapempha, kuti amulembere mbiri ya bambo wina mlimi wa ku Kasungu.

Tsiku loika maliro anaimirira, tayi ili pakhosi, n'kuyamba kuwerenga pafonipo. Akuti malemu anali munthu wofatsa, wosayankhulayankhula. Akuti sankadziwa kukwiya. Akuti madzulo ankakonda kukhala phee pakhonde n'kumasinkhasinkha. Achimwene angawo! Madzulo iwo amakhala ali pamwamba pa chigafa akulalatira wowapatsira udzu. Anthu anayamba kuyang'anana, wina kumbuyo anatsokomola pobisa phwete. Ine mkwiyo unandigwira.

Chichewa chake chinali chosalala bwino, koma munthu munalibemo. Za zigafa sanatchule. Dzina la alamu anga a Zelesi, amene anapirira nawo moyo wonse, silinamveke. Anangoti "mkazi wawo wokondedwa."

Alamuwo anali pamphasa pafupi ndi bokosi. Anadzutsa mutu.

"Benjamin, ukunena za yani?"

"Za adadi, amayi."

"Amenewo ine sindikuwadziwa. Anga anali olongolola. Chibwerere iwe ndili pompano. Bwanji sunandifunse?"

"Ndimaopa kukuvutitsani."

"Chabwino, siya foniyo. Nena chinthu chimodzi chokha chimene iweyo ukukumbuka cha bambo ako."

Anaika foni m'thumba. Tinadikira. Abusa anadikira, adzukulu nawo anaima duu ndi makasu awo. Mnyamata wophunzira uja anayang'ana bokosi, kenako nsapato zake. Palibe mawu anatuluka.

Abusa anayambitsa nyimbo kuti amubisire manyazi. Ine sindinaimbe nawo, ndipo mpaka lero Benjamin akandipatsa moni sindimuyankha.